Kalata yotseguka kwa akuluakulu azaumoyo: mayi anga sangathe kunena kuti dzino likuwawa

Olemekezeka akuluakulu amene mumayendetsa zaumoyo kuyambira kuno ku Kasungu mpaka uko ku Capital Hill, aphungu athu, makhansala komanso mafumu, ndati ndikupatseni moni. Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ife kuno tadzuka, kaya tinene kuti tadzuka poti usiku wake sitigona kwenikweni.

Ine ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala mbali ya kwa Chamama, ndimalima soya ndi mtedza, tsiku la msika ndimagulitsako kaunjika. Zachipatala sindinaphunzire ndiye pena ndikaphonya mawu mundikhululukire. Dzina langa, la mayi anga, olo la chipatala chilichonse chimene tinapitako sindilemba, sindikufuna wina aitanidwe ku ofesi kukayankha mlandu umene si wa munthu mmodzi. Amati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Mayi anga ululu amaumva ndithu, koma chitsekocho sakudziwanso kuti chili mbali iti. Ndiye ndatsekula ndine.

Amayi anayamba kuiwalaiwala zaka zisanu zapitazo. Poyamba tinkaseka, athira mchere mu tiyi, asiya nyemba pamoto mpaka kupserera, afunsa kuti abambo abwera nthawi yanji pomwe abambo tinaika m'manda kalekale. Kenako zinasiya kuseketsa, tinakawatenga kuti adzikhala nafe. Dokotala wina amene anatipatsa nthawi yake anandiuza kuti matendawa dzina lake ndi dimenshia, ubongo umamka nufooka pang'onopang'ono, mtundu wofala kwambiri ndi umene amati Alzheimer's, ndipo mankhwala ochiziratu kulibe. Mwana wanga wamkulu anandiwerengera pa intaneti kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, osati kwa azungu kokha ngati mmene ena amaganizira. Kumudzi kuno sitinena dimenshia. Timati agogo abwerera ku umwana, ena amati azungulira mutu, ndipo pakamwa pakaipa amati ndi mfiti.

Chimene chandilembetsa chinachitika dzinja lathali, mu Febuluwale, aliyense ali kalikiliki kumunda. Amayi anasiya kudya nsima. Munthu wokonda nsima ya nkhwani wotendera, kungotema mbamu imodzi, kuika mkamwa, kulavula, kukankha mbale. Phala lotentha toto, madzi ozizira a mumtsuko toto. Usiku kubuula, kuyendayenda mnyumba, kuguguda chitseko. Tsiku lina mdzukulu wawo amene amamukonda kwambiri akuwapukuta kumaso anamuwomba mbama mpaka mwana kulira. Ndiye usiku wina anatuluka ife osamva, anthu anakawapeza m'bandakucha pa mjigo chitenje chitagwa, akulira, atagwira tsaya. Mukudziwa kale zimene anthu amanena akapeza nkhalamba panja nthawi imeneyo ili choncho. Ena anali atayamba kale zoti agwa pa ndege. Ndinathamanga opanda nsapato, ndipo chikhala kuti a mfumu athu si munthu wodekha kaya lero bwenzi ndikulemba kalata ya mtundu wanji.

Atagwira tsaya. Ngakhale ine mwana wawo sindinatolepo kanthu.

Dandaulo langa loyamba lagona pamenepa. Tinapita nawo ku chipatala chaching'ono kawiri m'masabata awiri. Ulendo woyamba anawayeza BP, anawabaya pachala kuona malungo, malungo mulibe, tinapatsidwa panado ndi timapilisi togonetsa. Ulendo wachiwiri anangowayang'ana nkuti mayi, uwu ndi ukalamba, kawasamaleni kunyumba. Palibe amene anati tatiyeni tione mkamwa. Ndipo sindikuti anali anthu oipa ayi, panja panali mzere mpaka pa mtengo wa mango, munthu mmodzi yekha akulemba. Koma funso lonse la kuchipatala ndi lakuti mukumva bwanji, kukupweteka pati, ndipo wodwala amene sangayankhe funso limeneli amabwerera ngati sanabwere. Amayi atafunsidwa anayankha kuti ng'ombe zalowa m'munda. Anthu pamzere anaseka.

Sabata yachitatu ndinamva fungo ndikuwasambitsa. Ndinadikira mpaka atayasamula, mnyamata wanga nkuwalitsa tochi ya foni, abale inu, dzino la kunsagwada litasweka theka, nkhama zitatupa zikutuluka mafinya, mano ena awiri atadyeka kumizu kwakuda bii. Masabata atatu munthu akuyenda ndi chimenecho mkamwa, ife nkumati matenda a mutu akula, ena nkumati ufiti. Amene munadwalapo dzino usiku umodzi wokha mukudziwa mmene limavutira, mpaka munthu wamkulu kulira ngati khanda. Ndiye tangoganizani masiku 21 ndipo mawu oti dzino anakuthawani.

Chachiwiri ndi mzere. Anatitumiza ku chipatala chokulirapo kumene kuli a mano. Kumeneko amatenga anthu owerengeka patsiku ndiye aliyense amalawirira kukagwira malo. Kwa munthu walunga palibe vuto, koma yesani kudzutsa munthu wa dimenshia 3 koloko usiku, kumuveka, kumukweza pa njinga yamoto ya kabaza ine kumbuyo nditamukumbatira kuti asadumphe, msewu wake wa dzinja uja, kenako Sienta yothithikana anthu osawadziwa. Pofika kumeneko mutu wasokonekeratu. Anakhala pa benchi mwina mphindi makumi awiri, kenako anayamba zoti akufuna kwawo, ana akuwadikira, kuimirira, kukoka anthu malaya. Ndinatuluka nawo kuti tizungulire panja mtima ukhale pansi, pobwerera dzina lathu laitanidwa kale, tauzidwa kuti mawa. Mawa lake ndi thiransipoti ina. Pa maulendo atatu amene tinayenda panapita ndalama ya thumba la soya lathunthu, ndipo soyayo anali asanakhwime nkomwe, ndinachita kukongola ku banki m'khonde.

Chinanso chimene mwina simukudziwa, odwala awa ambiri amakhala bwinoko mmawa, dzuwa likapendeka amasokonekera kwambiri. Amayi anga ikangokwana cha m'ma 3 masana si munthu yemwe uja wa mmawa. Ndiye kuwasunga pa benchi mpaka masana nkumayembekeza kuti atsekula pakamwa mwaulemu, nkosatheka.

Chachitatu chimandipweteka kwambiri. Tsiku lachiwiri tinalowa ndithu, koma pakhomo ndinauzidwa kuti gadiyani adikire panja. Ndinafotokoza kuti amayi amaiwala, sadziwa kuti ali kuti, yankho linali lakuti ndi lamulo. Ndinaima pakhomo ndikumva akukuwa kuitana mayi awo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Kwa iwo, anthu obisa nkhope awagoneka chagada pa mpando, awawalitsa getsi kumaso, akufuna kulowetsa zitsulo mkamwa, inu mukanatani? Analuma mano gwa, osatsekula. Patapita kanthawi anawatulutsa nkundiuza kuti agogowa sakugwirizana nafe, mubwere nawo akakhala bwino. Olemekezeka, amayi anga sadzakhala bwino. Matenda awa sabwerera mmbuyo. Kundiuza kuti ndibwere akachira ndi kundiuza mwaulemu kuti ndisadzabwerenso.

Ndisaname, tsiku lachitatu Mulungu anatikomera mtima. Tinapeza mtsikana wina wa mano, wamng'ono ndithu woti angakhale mwana wanga, anandimvetsera mpaka kumaliza. Anatilowetsa oyambirira. Anavula kansalu ka kumaso kaye nkugwada kupereka moni, anandifunsa kuti amayi amavomera dzina liti, ndinamuuza kuti mawu oti amayi kapena agogo sawamvanso koma mukawaitana ndi mfunda wawo amatembenuka. Anawaitana ndi mfunda. Mpando sanaugoneke kamodzinkamodzi, anautsitsa pang'onopang'ono, ine nditakhala pambali nditagwira dzanja ndikuimba nyimbo ya ku Chigwirizano imene amayi mawu ake onse amawakumbuka mpaka lero olo dzina langa analiiwala. Jakisoni wa dzanzi anabaya, dzino linazulidwa, sizinathe ndi theka la ola lomwe. Patatha masiku anayi amayi anadya nsima ya therere mbale yonse nkupempha ina, usiku anagona mpaka tambala. Ukali wonse uja unatha. Mfiti ya pa mjigo ija inali dzino lobooka basi.

Mtsikana ameneyu sanagwiritse ntchito makina achilendo kapena mankhwala odula. Chimene anachita aliyense angathe kuchita atauzidwa. Nanga bwanji zikhale za mwayi, kuti zitengere wapeza ndani tsiku limenelo?

Chachinayi ndi malangizo a pambuyo pozula. Amanena zofanana kwa aliyense, lumani thonje kwakanthawi, lero musachukuche, kuyambira mawa muzichukucha ndi madzi ofunda a mchere. Zabwino ndithu kwa munthu womva. Amayi thonje analavula tisanatuluke pa geti, lachiwiri anafuna kumeza. Mlomo unali wadzanzi ndiye ankangoutafuna osamva kanthu, pofika kunyumba utatupa ngati walumidwa ndi mavu. Kuchukucha sadziwanso, madzi aliwonse olowa mkamwa amameza. Mankhwala ena ku famase kunalibe, ndinakagula ku sitolo, ndipo wogulitsa anafuna kundiwonjezera brufen ndi indocid kuti ululu uthe msanga, mwamwayi ndinali nditamvapo kuti amenewa kwa okalamba amatha kuwononga m'mimba ndi impso, ndinakana. Nanga amene sanamvepo?

Ndipo poti chithandizo chili kutali, kumudzi kuli madokotala ambiri. Wina anandiuza ndidonthezere asidi wa batire pa dzinolo, wina mafuta a buleki, wina fodya wa mphuno, wina kuti pali agogo amene amafukiza mankhwala nyongolotsi za m'dzino nkutuluka. Anthu sachita izi chifukwa cha umbuli wokha, amachita chifukwa ulendo wa kuchipatala ndi umene ndafotokozawu.

Chachisanu, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndikudziwa kuti kalatayi aiwerenganso anzanga amene akusamala makolo otere. Palibe amene amatiphunzitsa. Mayi akabereka amaphunzitsidwa kuyamwitsa, kusambitsa mwana, phala la magulu asanu ndi limodzi. Ife amene tabereka makolo athu kachiwiri timangopatsidwa mawu oti kawasamaleni. Zaka zinayi ndinkawasambitsa, kuwachapira, kuwameta, kuwadula zikhadabo, koma mkamwa sindinkaganizako, mumtima ndinkati amatsuka okha poti mswachi wawo unali pa zenera. Mswachiwo unali utauma gwa, kaya anausiya liti.

Zimene ndikudziwa pano ndatola apa ndi apo, zina kwa mtsikana uja, zina mwa kulumidwa, chala changa chamkombaphala chili ndi chipsera. Ndinaphunzira kuti usafunse kuti mukufuna kutsuka mano, yankho ndi ayi nthawi zonse. Timakhala pa mphasa pakhonde, ine ndimayamba kutsuka anga iwo akuona, kenako ndimawapatsa wawo m'manja, dzanja langa pamwamba pa lawo, ndikangoyambitsa dzanja limakumbuka lokha zimene mutu unaiwala. Masiku amene dzanja lakana ndimakhala kumbuyo kwawo chammbali, mutu wawo utatsamira pachifuwa panga, osati kuwadzera kutsogolo ndi mswachi ngati ndikufuna kuwabaya. Mswachi wake ndi wa ana, waung'ono wofewa. Mankhwala otsukira mano akhale a fluoride, pang'ono chabe ngati njere ya nandolo poti kulavula kumavuta, thovu lotsala ndimapukuta ndi kansalu koyera. Chala pakati pa mano osaika. Mawu akhale ochepa, tsekulani, basi, zikomo. Akakana ndimasiya nkudzayesanso pakapita nthawi, kulimbana nawo kumangowononga ndi za mawa zomwe. Kutsuka kwa madzulo ndimachita dzuwa lisanalowe, mutu usanasokonekere, ndiye chakudya chawo chamadzulo chimafulumira kusiyana ndi cha tonse.

Ndinaphunziranso kuti amasunga chakudya m'tsaya ngati nyani, mbamu ya masana umaipeza madzulo, ndiye akatha kudya ndimawapatsa madzi nkuona ngati tsaya laphwa. Ndinaphunzira kuti malovu ndi amene amateteza mano, ndipo mankhwala ena a BP komanso ena ogonetsa ndi okhazika mtima pansi amaumitsa mkamwa, ndiye timapilisi timene tinapatsidwa kuti agone tija mwina tinkawonjezera vuto lomwelo. Munthu akakalamba nkhama zimabwerera mmbuyo, mizu ya mano nkukhala pamtunda, ndipo muzu umadyeka msanga kuposa pamwamba pa dzino. Uve wa mkamwa ukamatsikira m'mapapo, makamaka kwa amene amatsamwa pomeza, umatha kuyambitsa chibayo. Kodi agogo angati tawaika nkumati chinali chibayo cha kuzizira?

Ndiye pali nkhani ya shuga. Chiyambire matendawa amayi amafuna zotsekemera zokhazokha, tiyi masipuni anayi, ndipo achibale akabwera kudzazonda amanyamula Sobo, masiwiti ndi mabisiketi, ukaletsa umaoneka wankhanza, eti ukumana mayi ako. Achimwene anga a ku Lilongwe tinakangana nawo pa nkhani imeneyi mpaka mwezi osaimbirana foni. Pano ndimati abweretse nthochi, mapeyala, mazira kapena mkaka, zotsekemera azidya limodzi ndi chakudya osati kumangomumunya tsiku lonse. Akanamva kwa a chipatala sakanatsutsa, koma poti wanena ndi mlongo wawo wogulitsa kaunjika, aaa.

Si ife tokha. Kumpingo kwathu kuli abambo ena okalamba amene ana awo a kutauni anawagulira mano oikirira zaka zapitazo. Atayamba kuiwala palibe ankadziwa kuti mano amenewa amayenera kuvulidwa usiku ndi kutsukidwa, anakhala mkamwa miyezi, pomadzawachotsa pansi pake zilonda zokhazokha. Mpongozi wawo analira pondiuza, ankaona ngati mlandu ndi wake.

Sindikufuna kukhala ngati wosayamika. Ndikudziwa kuti a mano m'dziko muno ndi ochepa kwambiri ndipo ambiri ali m'mizinda. Ndikudziwa kuti kwa zaka zambiri amene atigwirira ntchito m'maboma ndi ma dental therapist, a mano amene si madokotala a digiri, ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo dokotala wa mano wa digiri ankachita kukaphunzira kunja mpaka mu 2019 pamene maphunzirowa anayamba ku College of Medicine, imene pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Mu 2022 munakhazikitsa ndondomeko ya dziko yoona za umoyo wa mkamwa. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Zonsezi ndi zabwino ndipo tikuwomba m'manja. Koma zikalata zimenezi kwa Chamama, kwa Santhe, kwa Chulu, ku Kaluluma sizinafike mkamwa mwa agogo. Nkhani za mano zikamakambidwa timamva za ana asukulu, ndipo nzoyenera, koma mbali inayi kuli anthu amene abwereranso ku umwana opanda sikelo yawo.

Ndiye mwaulemu ndikupempha izi.

1. Wokalamba aliyense akabwera kuchipatala, makamaka ku kiliniki ya BP ndi shuga kumene amabwera kale mwezi ndi mwezi, wina amuyang'ane mkamwa nkulemba m'buku lake. Tochi ndi mphindi imodzi. Ndipo wodwala woiwalaiwala akabwera ndi zoti wasiya kudya, sakugona, wayamba ukali, akugwiragwira kumaso kapena akutuluka dovu, mkamwa muonedwe kaye asanalemberedwe mapilisi ogonetsa.

2. Munthu akangopezeka ndi dimenshia atumizidwe kwa a mano nthawi yomweyo, akadali womva ndi wotha kutsekula pakamwa akauzidwa. Amayi anga akanaonedwa zaka zisanu zapitazo akanakhala pa mpando okha akucheza, mano obooka akanamatidwa, otheratu akanachotsedwa mwamtendere. Chaka chilichonse chimene chadutsa ntchito yomweyo imakula.

3. M'buku la kuchipatala mukhale chizindikiro kapena chidindo choti uyu ali ndi matenda oiwala, kuti aonedwe mmawa osakhala pa mzere. Amayi oyembekezera ndi ana odwalika amadutsa kale, anthu sadandaula akafotokozeredwa. Kukanakhalanso nambala ya foni yoti tiziimba tisananyamuke, kufunsa ngati a mano alipo ndi ngati jakisoni wa dzanzi alipo, thumba la soya lija bwenzi lili mnyumba.

4. Gadiyani wa wodwala wotere aziloledwa kulowa. Ichi sichifuna bajeti, chikungofuna kalata imodzi yochokera kwa inu yomata pakhomo.

5. Galimoto ya sikelo imafika kale m'midzi yathu. Bwanji wa mano azikwera nawo olo kamodzi pa miyezi itatu, agogo amene sangayende aonedwe pansi pa mtengo pafupi ndi kwawo, pamalo amene akuwadziwa? Mwina munena kuti kumudzi kulibe magetsi ndi mpando. Koma pali njira yomata dzino ndi tizitsulo ta m'manja popanda makina obowola, imene amaitcha ART, ndipo inayambira kwa aneba athu ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, inapangidwira malo ngati athu omwewa. Palinso mankhwala opaka otchedwa silver diamine fluoride amene amaimitsa kuwola, dontho chabe, popanda jakisoni, vuto lake nloti pamene panawola pamada. Amayi anga a zaka zimenezi dzino lakuda silingawadandaulitse, bola lisawawe. WHO inaika mankhwala amenewa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021, pamodzi ndi chomatira cha glass ionomer ndi mankhwala otsukira mano a fluoride. Tikupempha zipezeke m'boma lathu, osati ku Lilongwe kokha.

6. Alangizi a zaumoyo a m'midzi aphunzitsidwe za dimenshia ndi kasamalidwe ka mkamwa kuti nawonso atiphunzitse pakhomo. Kapepala kamodzi ka zithunzi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka poti abale athu a ku Nkhamenya ndi Kaluluma ambiri amayankhula Chitumbuka. Mawailesi a m'madera alipo, pa 20 Malichi ndi tsiku la umoyo wa mkamwa padziko lonse, pa 21 Sepitembala ndi la Alzheimer's, masiku awiri amenewa tiuzeniko kanthu kogwirika osati kuguba ndi malaya atsopano kokha.

7. Alipo ena amene matenda afika poti olo muimbe nyimbo zonse za m'buku sangatsekule pakamwa, ofunika kuwagoneka tulo kuti athandizidwe. Tiuzeni poyera kuti oterewa amapita kuti, tsiku liti, ndi kalata yanji. Kuchoka pa Kasungu boma kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, munthu sungayende ulendo umenewu ndi wodwala wotere mongoyerekeza.

8. Ili ndi la mafumu, apolisi a m'madera ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Lamulo la zaufiti la 1911 likadalipo ndipo limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Nenani pa maliro, pa misonkhano ya makuponi, paguwa, kuti nkhalamba yopezeka panja usiku ili mbulanda ndi wodwala amene wasochera, mwinanso akumva ululu umene sangautchule. Woyamba kufika amufunditse chitenje, wachiwiri akaitane abale ake. Inu aphungu, kafunseni ku Nyumba ya Malamulo kuti pa ndalama za zaumoyo zimene zimabwera ku boma lathu, za mano ndi zingati, mudzatiuze pa msonkhano.

Anzanga amene mukuwerenga, ngati kwanu kuli agogo oiwalaiwala amene asintha khalidwe mwadzidzidzi, tengani tochi lero lomwe muwaone mkamwa, mudikire ayasamule ngati akukana. Kalatayi itumizeni m'magulu anu a WhatsApp ndi pa Facebook mpaka ifike kwa eni ake, ine manambala awo ndilibe.

Mano awiri odyeka kumizu aja akadali mkamwa mwa amayi. Sabata ino ayambanso kutafunira mbali imodzi ndipo dzulo anakankha kapu ya madzi ozizira. Ndalankhula kale ndi mnyamata wa kabaza kuti Lachiwiri adzatitenge 4 koloko mmawa, buku lawo ndaika m'chikwama pamodzi ndi chitenje chosinthira ndi nthochi ziwiri. Mtsikana uja sindikudziwa ngati tikamupeze, ndinamva kuti mwina anamusamutsa.

Ine wanu mwaulemu,
Mwana wa agogo ena a kwa Chamama, Kasungu